Kodi kamera yakale inkaona njerwa ngati mmene timazionera ife?

Mukaona chithunzi chakale cha Blantyre, kaya m'buku la History kaya ku Museum ya ku Chichiri, n'zosavuta kuganiza kuti mzindawu unkaoneka choncho ndithu. Ine ndimati kamera sinama, koma imasankha zoti ione.

Tiyambe ndi mankhwala. Ojambula a m'zaka za m'ma 1800 ankagwiritsa ntchito magalasi opakidwa mankhwala a siliva, omwe amada kuwala kukawagunda. Vuto lake, mankhwalawo ankamva msanga kuwala kwa buluu, koma kofiira sankakumva kwenikweni. Ndiye taganizani za tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott. Njerwa zake n'zofiirira, eti? Pa galasi lotere zimatuluka zakuda bii, thambo n'kuyera mbee, mitambo osaoneka. Nyumba yowala bwino padzuwa imasanduka yoopsa ngati linga.

Nthawi nayo inkasankha. Mu 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wodzaza anthu ndi ngolo ku Paris, koma kamera inafunika kukhala yotsegula kwa mphindi zingapo. Chilichonse choyenda chinasowa. Anaoneka ndi munthu amene anaima malo amodzi akupolishitsa nsapato. N'chifukwa chake ojambula oyamba ankakonda nyumba: nyumba sigwedezeka.

Chinanso ndi poimira. Mukaima pafupi ndi khoma lalitali n'kupendeketsa kamera m'mwamba, mizere ya khomalo imaoneka ngati ikukakumana kumwamba, nyumba n'kukhala ngati ikugwa chagada. Akatswiri ankapewa zimenezi poimika galasi la kumbuyo chilili, n'kukweza lenzi yokha. Makoma owongoka bwino aja ndi luso la wojambula, osati la womanga yekha.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti wojambula amasankha wolowa m'chithunzi. Anaumba njerwa za St Michael, kuziwotcha ndi kuzisanja, anali anthu akuno. Chithunzi cha tchalitchi chomalizidwa, chili chokhachokha, sichiwatchula, ndipo woyang'ana amangokumbukira dzina la Scott basi. N'chimodzimodzi ndi Mandala House ya mu 1882, nyumba ya African Lakes Corporation. (Paja dzinali linachokera ku mandala amene John Moir ankavala, kamera nayo imaonera pa mandala ake.)

Yesani nokha Loweruka likubwerali. Bwerekani foni, jambulani nyumba imodzi yakale katatu: muli pafupi mutayang'anitsa m'mwamba, muli patali foni ili chilili, kenako muli tsidya la msewu kuti maminibasi ndi ogulitsa malonda alowemo. Mukatero onetsani mnzanu wosaidziwa nyumbayo, mumufunse kuti pa zitatuzo yakale kwambiri ndi iti.