Cifukwa Cace Anamwino Abwerera ku Maphunziro

Abale, kawiri kawiri timva dandaulo m'midzi mwathu lakuti, Tinapita ku cipatala, koma namwino sitinampeza; ati wapita ku maphunziro. Ndipo ena afunsa nati, Kodi munthu uja sanatsiriza sukulu kale? Afunanso ciani kumeneko? Funso ili liri loyenera, pakuti kuyenda mtunda wautali ndi mwana wodwala kumbuyo, ndi kupeza pakhomo potseka, ndico cinthu cowawa ndithu. Tiyeni tiliyankhe poyang'ana nthenda imodzi imene tonse tiidziwa, ndiyo malungo.

Akulu akumbukira chloroquine, mibulu yowawa ija imene inayabwitsa ena thupi lonse. Inali yotsika mtengo, niciritsa anthu osawerengeka. Koma tizirombo ta malungo, timene udzudzu utilowetsa m'mwazi, tiri ndi khalidwe lotere: mankhwala akapha tambiri, tolimba tija totsala tibalana, ndipo mbeu yao mankhwalawo saithanso. Potero ana anayamba kumwa chloroquine osacira. M'caka ca 1993 dziko la Malawi linaleka chloroquine, ndipo linali loyamba mu Africa kutero. M'malo mwace linaika SP, amene ambiri ati Fansidar. Zitapita zaka 14, SP nayenso anafoka, ndipo mu 2007 anadza LA.

Tsono lingalirani namwino amene analandira kalata yace ya sukulu mu 1990, wakhama, wacifundo, koma wosaphunziranso kanthu kuyambira pamenepo. Iye akadapatsabe ana athu mankhwala amene mphamvu yao inatha. Ndipo cosinthika si dzina lokha ai. SP anamwa kamodzi, natha. LA amwa kawiri pa tsiku masiku 3, ndiko kumwa ka 6, ndi mibulu aiwerenga monga mwa kulemera kwa mwana. Ndiponso LA alowa bwino m'thupi munthu akadya cakudya ca mafuta pang'ono, kapena mwana akayamwa. SP sanatayidwa konse, koma anapatsidwa nchito yina, ndiyo kuchinjiriza akazi apakati. Kwa wodwala malungo akulu, wokomoka kapena wosatha kumwa, kale analasa quinine, koma tsopano singano yoyamba ndi artesunate. Zonsezi munthu sazilota usiku. Ayenera kuzimva kwa amene anaziyesa.

Cina cacikuru ndi ici. Kale mwana ali yense wotentha thupi anayesedwa wa malungo. Kuyambira 2011 tizipangizo toyesera mwazi wa pa cala tinafalikira m'zipatala zathu, ndipo yankho lituruka mu mphindi 15 kapena 20. Mwazi ukakana, namwino wophunzira bwino sangopereka LA kuti amai akondwere. Awerenga mpweya wa mwanayo, napenya m'khutu ndi kukhosi, pakuti cibayo naco citentha thupi, ndipo cipha msanga pamene ife tiri kuthamangitsa nthenda imene palibe. Alangizi a zaumoyo, amene aciritsa ana ang'ono m'midzi momwemo, nawonso aphunzitsidwa zimenezi.

Ndico cifukwa cace bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba m'dziko muno lifuna kuti munthu, pokonzanso cilolezo cace ca nchito, aonetse kuti sanaleka kuphunzira.

Sitinena kuti zonse ziyenda bwino. Alipo ena amene akonda maphunziro cifukwa ca ndalama ya ulendo, nabwerako osauza anzao ngakhale mau amodzi. Ndipo akapitao a nchito alakwa akatuma onse nthawi imodzi, cipatala ndi kutsala ca bwinja. Maphunziro ena safuna ulendo konse: anchito akhoza kusonkhana mamawa, nakambirana za mwana amene anamwalira dzulo, kufunsana pomwe anacedwa, wamkuru ndi wamng'ono pamodzi, kopanda kunyozana.

Kwa inu amai tinena ici: namwino akayesa mwazi nati, Malungo mulibe, musathamangire ku sitolo kukagula mibulu imene munaizolowera kale. Mfunseni kuti, Nanga catentha thupi n'ciani? Ndipo mwanayo akapanda kusintha, kapena akaleka kuyamwa, mubwerere naye msanga, osadikira kuti kuce kawiri.