PHUNZIRO LA MWEZI UNO: GOME LIMODZI LA AMBUYE

Werengani Agalatiya 2:11-14 ndi Macitidwe 10:24-35.

1. Za ku Antiokeya. Petro ankadya pamodzi ndi abale a mitundu ina. Koma atafika anthu ocokera kwa Yakobo, anacita mantha, nadzipatula, ndipo Paulo anamdzudzula poyera. Tizindikire ici, abale: Petro sanasinthe ciphunzitso cace, anangosuntha mpando wace pakudya, koma Paulo anaona kuti Uthenga Wabwino unalikuonongeka pomwepo.

2. Za mpingo umene unatibala. Caka ca 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anayamba nchito pa Kongwe. Anatipatsa masukulu ndi Mau a Mulungu m'cinenero cathu, ndipo ena anasiya manda ao pakati pathu. Tiwayamika ndithu. Koma mpingo umene unawatuma, wa Dutch Reformed ku Cape, unalola mu 1857 kuti azungu ndi akuda apembedze m'nyumba zosiyana, ati cifukwa ca kufoka kwa ena. Cololezaco cinakula ncisanduka mwambo. Ndipo pofika lamulo la apartheid mu 1948, atsogoleri ambiri a mpingowo analicirikiza.

3. Zimene makolo athu anaona. Opita ku migodi ya ku Joni ankayenda ndi pasi, ndipo mwamuna wa imvi ankaitanidwa boyi. Kwathu konkuno munthu ankabvula cipewa pokomana ndi mzungu panjira, ndipo dandaulo limeneli linamveka pamene Boma linafunsa za nkhondo ya John Chilembwe ya 1915. Mbusa wathu woyamba, Andreya Namkumba, anadzozedwa mu 1925, zitapita zaka 36 ciyambire Mvera.

4. Za kulapa. Mu 1962 amishoni anapereka nchito m'manja mwa Sinodi wa Nkhoma. Mu 1986 mpingo wa Dutch Reformed unabvomera kuti apartheid ndi colakwa. Ndipo mu 1990, pa msonkhano wa ku Rustenburg, Willie Jonker anaulula cimolo pamaso pa onse, Desmond Tutu nayankha ndi mau a cikhululukiro.

5. Nanga ife? Nkwapafupi kuwerenga zolakwa za azungu, koma mpando wa Petro ulipo ndi m'midzi mwathu. Tiripo ena okana ukwati poti agogo a mnyamatayo anali akapolo. Tenanti wolima fodya wathu timpatsa nsima panja. Abale a ku Congo, Burundi ndi Rwanda akhala pa Dzaleka kuyambira 1994, pafupi ndi boma la Dowa. Ndi angati a ife amene tinadya nao mbale imodzi? Amene timwera naye cikho cimodzi pa Mgonero, sitingathe kumkana pakhomo pathu.

Mafunso okambirana:
(a) Kodi Petro anaopa yani, nanga ife tiopa yani?
(b) Ndani m'mudzi mwanu amene sanalowepo m'nyumba mwanu? Mudzamuitana liti?