Phunziro la Lamulungu: Kulira Wokondedwa Amene Wamwalira ndi Mankhwala Ozunguza Bongo

Pali maliro ena amene anthu pa siwa amangonong'onezana. Munthu akamwalira chifukwa chomwa mankhwala ozunguza bongo mopyola muyeso, abale kawirikawiri amangoti anadwala mwadzidzidzi. Pamwamba pa chisoni amasenzanso manyazi, mkwiyo ndi kudziimba mlandu.

Zimene zimachitika m'thupi

Mankhwala monga heroin, tramadol ndi codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa amafooketsa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma. Akachuluka, makamaka akasakanizidwa ndi mowa, munthu amapuma pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu, anthu akumayesa ali m'tulo. Ngozi imakulanso kwa amene anasiya kwa kanthawi: thupi limakhala litasiya kuzolowera, ndipo mlingo wakale womwewo ungathe kumupha. N'chifukwa chake imfa yotere imabwera nthawi zina pamene banja limaona ngati zayamba kuyenda. Kudziwa izi kumathandiza kholo limene likudzifunsa kuti linalakwitsa pati. Chizolowezi cha mankhwalawa ndi matenda, ndipo chikondi chokha sichikwanira kuwachiza.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2291, sabisa kuti mankhwala ozunguza bongo amawononga kwambiri thanzi ndi moyo. Koma pa nambala 1735 akufotokozanso kuti mantha, chizolowezi ndi mavuto a m'maganizo zingachepetse kulakwa kwa munthu. Wodziwa kukula kwa ufulu umene malemu anali nawo ndi Mulungu yekha. Choncho palibe mkhristu woyenera kugamula za chipulumutso cha malemuyo. Chimene Mpingo umachita ndi kuwapempherera, monga Yudasi Makabeo anachitira asilikali ake amene anafa ali ndi tchimo (2 Makabeo 12).

Kwa anamfedwa

Kulira si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ambuye Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa (Yohane 11). Namfedwa ali ndi ufulu wotchula dzina la malemu, kukumbukira zabwino zawo, kuwaperekera Misa ndi kuuza Mulungu mkwiyo wake m'pemphero. Ana akuyenera kumva zoona m'mawu olingana ndi msinkhu wawo, asanazimve kwa anzawo kusukulu. Ngati miyezi ikupita munthu osagona, osadya, kapena akuganiza zodzipha, athamange kukaonana ndi a zachipatala. A Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso chipatala cha Zomba Mental, amathandiza pa za maganizo ndi za mankhwalawa.

Kwa mphakati

M'tauni anthu amabalalika msanga maliro akangoikidwa, aliyense kubwerera ku ntchito. Mabanja oterewa amasala okha kuposa ena chifukwa oyandikana nawo amasowa chonena. Mawu ambiri safunika. Kukhala nawo pansi, kupemphera nawo kolona, kuwafikanso pakatha mwezi ndi pa tsiku lokumbukira imfayo, ndiko kupepesa kwenikweni. Mafunso ofufuza ndi miseche zisiyidwe kunja kwa mpanda. Ngati m'nyumbamo muli wina amene akumwabe mankhwalawa, aperekezedwe kuchipatala asanaonjeze manda ena.

Funso lokambirana m'miphakati sabata ino: ndi banja liti limene akhristu anasiya kuliyendera, ndipo alifikire ndani Lamulungu likudzali lisanakwane?