Chizindikiro Chowala pa Masipika a M'galimoto: Mafunso ndi Mayankho

Okonda nyimbo m'galimoto ambiri sakhutira ndi kugunda kwa masipika kokha. Amafunanso kuti akatsegula buti, dzina lawo kapena chizindikiro cha Pioneer, JBL kapena Kenwood chiziwala pabokosi la subwoofer. Ntchitoyi ndi yokongola, koma imakhudza magetsi ndi kamvekedwe ka nyimbo, choncho ndi bwino kudziwa izi musanapite kwa mmisiri.

Kodi zilembozo zimawala bwanji pomwe mababu saoneka?

Amagwiritsa ntchito pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi, yotchedwa acrylic, yomwe ambiri amangoti perspex. Timagetsi ta LED amatindanditsa m'mphepete mwake ndi kutiphimba ndi felemu. Kuwala kukalowera m'mphepetemo kumayenda m'kati mwa pulasitikiyo osatuluka, chifukwa mbali zake zonse ndi zosalala. Kukafika pomwe pazokotedwa kumapeza pokhakhala, ndiye kumamwazika n'kutulukira kumaso kwa woyang'ana. N'chifukwa chake zilembo zokha ndi zomwe zimayaka, kwina konseko kuli zii.

Kodi perspex aliyense angathandize?

Ayi. Pali wothiridwa m'chikombole, wotchedwa cast, ndi wina wotsikirapo mtengo wotchedwa extruded. Cast ukamuzokota ndi laser amayera mbuu, ndipo kuyerako ndi komwe kumagwira kuwala. Extruded mizere yake imatsala yoonekera, moti chizindikiro chimaoneka chozilala. Musalole kuti pulasitiki ya PVC ilowe m'makina a laser, chifukwa ikapsa imatulutsa mpweya wa chlorine womwe ndi poizoni.

Nanga kuzokotako amachita bwanji?

Amene amapanga zikwangwani, zikho za mipikisano ndi mabaji a mayina ndiwo amakhala ndi makina a laser kapena a CNC. Chithunzi amachizokota kumbuyo kwa perspex, atachitembenuza monga chimaonekera pakalilole, kuti kutsogolo chiwerengeke bwino ndipo pamwamba pakhalebe posalala. M'mphepete molowera kuwala muyenera kupalidwa mpaka mutanyezimira. Sankhani zilembo zonenepa ndi chithunzi chosachulutsa mizere. Chikakhala chachikulu, ikani ma LED mbali ziwiri kuti pakati pasachite mdima.

Magetsi ake amachokera kuti?

Apa ndi pofunika kusamala koposa. Batire ya galimoto ndi ya 12 volts, koma injini ikamalira mphamvu imakwera kufika pafupifupi 14, choncho gulani ma LED opangidwira galimoto. Kuti aziyaka ndi kuzima limodzi ndi wailesi, mmisiri amatenga mphamvu yoyatsira pawaya wa remote, uja wabuluu wokhala ndi mzere woyera, wochoka kuwailesi kupita ku amp. Wayayu amanyamula mphamvu yochepa, kotero pamafunika relay kuti wailesi isapse. Mukalumikiza ma LED kubatire mwachindunji, popanda switchi kapena relay, aziyaka usiku wonse ndipo batire idzaphwa.

Waya aliyense wochoka kubatire akhale ndi fyuzi pafupi, osapitirira masentimita 45 kuchokera pabatirepo. Podutsa pabowo lachitsulo, wayayo avekedwe labala. M'misewu yamabampu, waya wokhula pachitsulo amasendeka pang'onopang'ono, ndipo akagunda chitsulocho popanda fyuzi, moto umabuka. Mawaya opotokola ndi manja n'kukulunga tepi sakhalitsa. Awotcheredwe kapena amangidwe ndi zolumikizira zake.

Kodi chizindikirochi sichiwononga kamvekedwe ka nyimbo?

Chikhoza kuwononga ngati chaikidwa mosaganiza. Bokosi la subwoofer kawirikawiri limapangidwa ndi thabwa la MDF la mamilimita 18 kuti lisanjenjemere. Mukaboola windo n'kutsekapo ndi perspex wopyapyala, amapindika bass ikamagunda, mpweya umathawira m'mbali, ndipo nyimbo zimamveka mwaphokoso. Windo lotere limafuna perspex wochindikala, wa mamilimita 12 kapena kuposerapo, womangidwa ndi zomangira zokwanira komanso womatidwa bwino. Njira yosavuta ndi kusaboola bokosi n'komwe, koma kuika chizindikiro pathabwa lina lokongoletsera kutsogolo kwake.

Mukaphimba amp ndi perspex, siyani mipata yolowera mphepo, apo ayi itentha ndi kuzima yokha. Mawaya a ma LED asayende limodzi ndi mawaya a RCA, chifukwa tizipangizo tosinthira mtundu ndi mphamvu ya kuwala timalowetsa kamluzu m'masipika.

Ndi mtundu uti wa kuwala womwe ndi wabwino?

Ma LED a RGB amakulolani kusintha mitundu, pomwe a mtundu umodzi ndi osavuta kulumikiza. Chachikulu n'chakuti kuwalako kukhale m'buti kapena pomwe sikungathobwe woyendetsa m'maso usiku. Pewani magetsi abuluu kapena ofiira othwanima oonekera kunja, chifukwa anthu pamsewu angawayese a apolisi kapena a ambulansi.

Ndingachisamalire bwanji?

Pukutani ndi kansalu kofewa konyowetsa m'madzi a sopo. Sipiriti, thina ndi petulo zimang'alula perspex, ndipo kukala kulikonse kumawala ngati chilembo.

Musanalipire, uzani mmisiri wanu akuonetseni pomwe waika fyuzi ndi relay. Akalephera kukuonetsani, musatenge galimotoyo kufikira atazikonza.