Magazi Oundana M'mapapo

Nthenda ya Covid-19 inafika m'Malawi mu April 2020. Madokotala anaona kuti mwa odwala ena magazi amaundana m'mitsempha, ndipo oundanawo akafika m'mapapo amatseka njira ya magazi. Munthu angathe kufa msanga.

Zizindikiro zake ndi izi: kubanika kodzidzimutsa, kulasa m'chifuwa popuma, kutsokomola magazi, kapena kutupa mwendo umodzi.

Kawirikawiri X-ray wamba saonetsa chotsekacho. Chimaoneka pa makina a CT, dokotala atabaya mankhwala mumtsempha kuti njira za magazi zioneke bwino. Makinawa alipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tsono wodwala wotere ku Chikweo asagonekedwe pakhomo. Abale athamangire naye kuchipatala, kumene angamtumize ku Liwonde ndi kutsogolo. Mankhwala oletsa kuundanaku alipo. Aphunzitsi adziwitse makolo zimenezi.