Phunziro 6: Nkhani ya Kafukufuku Ikabwezedwa

Cholinga

Pomaliza phunziroli tidzatha kusiyanitsa nkhani ya kafukufuku yobwezedwa ndi nkhani yomwe yangogonjetsedwa ndi kafukufuku watsopano, kuti tiziyankha makolo ndi umboni wodalirika.

Kubweza nkhani n'kutani?

Akatswiri akatsiriza kafukufuku amatumiza zotsatira zake ku magazini a zamaphunziro, kumene akatswiri anzawo amaziunika zisanasindikizidwe. Komabe kupeta kumeneku sikuchotsa mankhusu onse. Zikadziwika pambuyo pake kuti ziwerengero zinali zopeka, kuti mawu anabedwa kwa wina, kapena kuti panali cholakwa chogwetsa mfundo yonse, akonzi amalengeza kuti nkhaniyo aibweza. Kawirikawiri saifufuta ayi, koma amaiika chidindo chochenjeza owerenga kuti asaidalirenso.

M'chaka cha 1998 magazini ya The Lancet inasindikiza nkhani ya Andrew Wakefield ndi anzake, yomwe inachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR, woteteza ana ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa vuto la autism. Ana amene anapimidwa anali 12 okha. Mtolankhani Brian Deer anavumbula kuti Wakefield ankalipidwa kudzera mwa loya wokonzekera kusumira opanga katemerayo. Nkhaniyo inabwezedwa mu 2010, ndipo chaka chomwecho Wakefield anachotsedwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Koma madzi akatayika saoleka: makolo ambiri anali atakana kale katemera, chikuku n'kubukanso, ndipo mphekeserayo ikuyendabe.

Nkhani yogonjetsedwa

Si nkhani iliyonse yolakwika imene imabwezedwa. Mu 1923 D. J. Saer anayesa ana a ku Wales, napeza kuti ana akumidzi olankhula zinenero ziwiri anakhoza pang'ono poyerekeza ndi olankhula Chingerezi chokha. Iye sanaganizire mokwanira kusiyana kwa mabanja amene anawo ankachokera. Mu 1962 Elizabeth Peal ndi Wallace Lambert anayerekeza ana a zaka 10 a ku Montreal ochokera m'mabanja opeza mofanana, ndipo olankhula zinenero ziwiri ndiwo anapambana pa mayeso ambiri. Nkhani ya Saer sinabwezedwe. Inangofooka pamaso pa umboni wopimidwa bwino.

Zikutikhudza bwanji?

Kuno ku Tete, kuphunzitsa mu Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi kunayesedwa pansi pa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Ngakhale zili choncho, ku Mualadzi kholo likhoza kutiuza kuti linamva zoti "akatswiri anapeza" kuti zinenero ziwiri zimasokoneza mwana. Tikalephera kuyankha, mwanayo angachotsedwe m'kalasi momwe akanaphunzira kuwerenga m'chinenero chimene amachimva.

Choncho tisanakhulupirire kapena kubwereza mfundo iliyonse, tidzifunse:

1. Analemba ndani, liti, ndipo m'magazini iti?
2. Anayesa ana angati, ndipo anawayerekeza ndi ati?
3. Kodi nkhaniyo inabwezedwa? Tsamba la Retraction Watch, lomwe linayamba mu 2010, limasunga mndandanda wa nkhani zotere.
4. Kodi ofufuza ena anapezanso zomwezo?

Ntchito

Awiriawiri, tikonze yankho laulemu lopita kwa kholo lotere, m'Chinyanja chomveka kumudzi. Tigwiritse ntchito chitsanzo cha Saer ndi cha Peal ndi Lambert, popanda kulonjeza zoposa zimene umboniwo ukunena.