Kugula nyumba ya ngongole ku America

Womvera wina wa ku Dedza, amene akukhala ku Texas, akufunsa ngati n'kwabwino kugula nyumba imene mwini wake sanamalize kubweza ngongole yake, wogula n'kumapereka ndalama kwa wogulitsa mwezi ndi mwezi, wogulitsayo n'kumakapereka kubanki.

Ku America mapangano ambiri a ngongole za nyumba amalola banki kuitanitsa ndalama zonse zotsala nyumba ikangosintha mwini, ndipo lamulo la Garn-St Germain la 1982 linavomereza zimenezi. Kuika nyumba mu trust (m'manja mwa woisungira ena) kumatchinjiriza ku zimenezi pokhapokha wobwereka akadali wopindula nayo, ufulu wokhalamo osaperekedwa kwa wina. Choopsa kwa a ku Dedzawa ndi omvera onse n'choti wogulitsa akasiya kulipira, banki imalanda nyumbayo ngakhale wogula atasunga malisiti onse. Loya ayambe waona mapepala ndalama zisanatuluke.